Kuchotsa chiwongolero cha galimoto yakale popanda kuchiswa

Land Rover Series III ya malume anga inakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Itadzukanso, chiwongolero chake chinali ndi ming'alu ngati mapazi a mlimi m'chilimwe, ndipo bering'i yapamwamba pa shafuti inkagwedera. Ndinati ndichichotse. Ndinamasula nati ya pakati, n'kuiponya m'thumba, n'kuponda pansi mwamphamvu, n'kuyamba kukoka. Mphindi makumi awiri chinakana. Kenako chinalola mosachenjeza, n'kundipeza pamlomo. Sabata yonse ndinadya phala lokhalokha, anthu akufunsa kuti ndamenyana ndi ndani.

Cholakwa changa chinali choganiza kuti nati ndiyo imagwira chiwongolero. Yang'anani nsonga ya shafuti imene imachokera kubokosi la sitelingi. Pamwamba penipeni pali mazinga a nati. Pansi pa mazingawo pali timano tating'ono tozungulira shafuti, tomwe timalumana ndi timano tina m'kati mwa mchombo wa chiwongolero kuti chisazungulire chokha. Pansi pa timanoto, m'magalimoto ambiri, shafuti imafutukuka pang'onopang'ono ngati mpini wa khasu. Ntchito ya nati ndi kukankhira chiwongolero pampini umenewo mpaka chitathina. Aliyense amene anayesapo kuzula khasu pampini wake wakale akudziwa zotsatira zake. Onjezerani dzimbiri la zaka makumi anayi kapena asanu, fumbi la Ogasiti ndi chinyezi cha Januwale, ndiye kuti nati mutha kuitaya chiwongolero n'kukhalabe pomwepo. Chimafuna mphamvu yokoka molunjika, yogwira pamchombo, yowonjezereka pang'onopang'ono. Mkombero wake, umene nthawi zambiri ndi mphira wouma kapena pulasitiki yakale yokutira kachitsulo, sunapangidwe kuti usenze mphamvu imeneyo.

Ndisanapitirire: zimene ndikulemba pano ndi za magalimoto opanda airbag (thumba lofufuma pangozi), monga Peugeot 404 ndi 504, Morris Minor, VW Beetle, Datsun 120Y, Land Cruiser yakale ndi ma Land Rover a Series. Ngati pachiwongolero chanu palembedwa SRS, monga zilili ndi ma Corolla, ma Vitz ndi ma Sienta adzaza mumzinda muno, imeneyo ndi ntchito ina. M'kati mwake muli chinthu chophulika. Pitani nayo kwa amene amaidziwa.

Zida zoyenera kukhala nazo pafupi

Chofunika kwambiri ndi sokete yokwana bwino pa nati, makamaka ya ngodya zisanu ndi imodzi, ndi mpini wake wautali. Natiyo imakhala m'dzenje, sipanala wamba siifika. Apa ndi pamene ena amatenga tchizulo ndi hamala n'kumaigogoda m'mbali kuti izungulire. Imazunguliradi, koma imatuluka itatafunidwa, ndipo nati ya shafuti ya galimoto ya m'ma 1960 simungangoipeza pathebulo la mavenda. Magalimoto a ku Japan, France ndi Germany amayendera mamilimita. A ku Britain akale amayendera mainchi, ndipo akalekale ena ali ndi mazinga a Whitworth kapena BSF, omwe masipanala ake ndi osiyananso. Yezani natiyo kaye, kapena ijambuleni mutaika rula pambali, musanapite kukasaka sokete ku Biwi kapena mumsewu wa Malangalanga.

Zina ndi izi: sikuludiraiva yaing'ono yathyathyathya, mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40, tepi ya mapepala, cholembera chosafufutika, mswachi wakale, nsanza, ndi kabakuli koikamo tinthu ting'onoting'ono. Kasipuling'i ka hutala kakagwera m'dothi la pabwalo, tsanzikanani nako. Za pula, chida chokokera chiwongolero pashafuti, ndinena ikafika nthawi yake.

Makaniko ambiri amathira buleki fuluwidi pa chilichonse chadzimbiri. M'kati mwa galimoto musatero. Imadya penti, ndipo dontho limodzi padashibodi yachitsulo lisiya chipsera. Ngati WD-40 palibe, dizilo kapena parafini pang'ono zithandiza.

Imikani galimoto molunjika, kenako chotsani batire

Pezani malo osatsetsereka. Yendetsani galimoto kutsogolo mamita angapo mutagwira chiwongolero mopepuka, kuti matayala adziwongole okha, kenako imani osakhotetsanso. Kokani handibuleki, ikani giya, pingani tayala ndi mwala. Musaikweze pajeke, kulemera kwa galimoto pamatayala kukuthandizani pomasula nati. Ntchitoyi ichiteni pamthunzi. M'galimoto yotseka dzuwa la Okutobala limachotsa kuleza mtima, ndipo munthu wotopa ndi amene amayamba kufunafuna hamala.

Chotsani waya wa batire wopita kuthupi la galimoto. Anthu amangoti "chotsani wa negetivu", koma magalimoto ambiri a ku Britain opangidwa chisanafike chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anali ndi pozetivu kuthupi, ngakhale ena eni ake anawatembenuza pambuyo pake. Tsatirani waya ndi maso: umene wamangidwa kuchitsulo cha galimoto ndiye woyamba kuchotsa. Chifukwa chake n'chakuti hutala yambiri imakhala ndi moto ngakhale kiyi atazimitsidwa. Sikuludiraiva ikakhudza polakwika, mudzutsa mzere wonse wa nyumba, kapena muwotcha fyuzi, kapena waya weniweniyo.

Ngati galimoto ili ndi loko wa sitelingi, lowetsani kiyi n'kumupotokola kuti lokoyo amasuke. Batire mwachotsa kale, palibe choyaka.

Chivindikiro cha pakati

Apa fatsani, chifukwa kachinthu kameneka, kokhala ndi chizindikiro cha galimoto, n'kovuta kukapeza kuposa chiwongolero chenichenicho. Kamagwidwa m'njira zitatu. Kena kamangokanikizidwa, ndipo kamatuluka mukakasendeza pang'onopang'ono mozungulira. Kena mumakakanikiza n'kukapotokola pang'ono. Kena kali ndi tizisikuluwu tobisika kuseri kwa masipoko kapena m'mbali mwa mchombo. Choncho musanalowetse sikuludiraiva, pisani zala kuseri, gonani chagada muunike ndi tochi ya foni. Mukatsimikiza kuti tizisikuluwu palibe, kulungani nsonga ya sikuludiraiva ndi tepi, ikani kansalu pamene mukutsamiza, ndipo sendezani mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono. Musakakwezere mbali imodzi mpaka kutha.

Kakatuluka, musakakoke msanga. Ngati batani la hutala lili pakati, pali waya kuseri kwake, mwina ndi kasipuling'i ndi kambale kamkuwa. Jambulani chithunzi musanachotse chilichonse, ndiponso jambulani mukachotsa chinthu chilichonse. Tinthuti tisanjeni pansanza motsatana mmene tatulukira. Land Rover Series III, yomwe inayamba kupangidwa mu 1971, ili ndi hutala pa kamtengo ka indiketa, choncho pakati pake mulibe zambiri. Magalimoto ena akale kwambiri waya wa hutala amadutsa m'kati mwa shafuti yenyeniyo, n'kukatulukira kunsi kwa bokosi. Waya woteroyo mphira wake umakhala utauma ngati chikopa cha ng'oma. Mukamupinda kwambiri athetheka m'kati momwe simungafike.

Chizindikiro

Pukutani nsonga ya shafuti ndi mchombo, kenako lembani mzere umodzi wochoka pakati pa shafuti kufika pamchombo. Nati ikaphimba malo, lembani mukangoimasula. Ine ndimakanda ndi nsonga ya msomali kuwonjezera pa inki, chifukwa mafuta amene muthire posachedwa amafufuta inki. Matani kachidutswa ka tepi pa chikuto cha shafuti ndi kena pamchombo, moyang'anizana. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma mukailumpha mudzabwezera chiwongolero mongoyerekeza, timano tiwiri kumanzere kapena kumanja, ndipo indiketa idzayamba kuzima pamene simukufuna.

Kumasula nati

Onani ngati pali washala wopindidwira m'mbali mwa nati. Ngati alipo, muwongoleni kaye ndi sikuludiraiva. Thirani mafuta pa mazinga ndi mozungulira pomwe mchombo wakumana ndi shafuti. Ngati simuli pachangu, thirani madzulo, mudzagwire ntchito m'mawa.

Musalole kuti loko wa sitelingi ndiye agwire shafuti inu mukulimbana ndi nati. Kachitsulo ka lokoyo n'kakang'ono, kamapindika kapena kuthyoka, ndipo loko wothyokera m'kati angadzakole galimoto ikuyenda. Itanani munthu aime panja pa chitseko cha dalaivala, agwire chiwongolero ndi manja awiri pafupi ndi pomwe masipoko akumana ndi mkombero. Inu kanikizani sokete kuti ikhale pansi bwinobwino, ndipo kokerani kumanzere mosadukiza.

Ikamasuka, musaichotse. Ipotokoleni mpaka pamwamba pake palingane ndi nsonga ya shafuti, kuti pakati pa nati ndi mchombo pakhale mpata wa mamilimita atatu kapena anayi. Natiyo tsopano ili ndi ntchito ziwiri: kuteteza mazinga, ndi kuteteza mano anu.

Ma Land Rover akale kuposa anga, a Series I, Series II ndi ma IIA oyambirira, okhala ndi chiwongolero cha masipoko a waya, alibe nati ya pakati. Mchombo wake umafinyidwa ndi bawuti yopingasa kunsi. Bawuti imeneyo ichotseni yonse, osangoimasula, apo ayi mukoka mpaka dzuwa kulowa.

Yesani ndi manja

Khalani pampando, gwirani kumanja ndi kumanzere pomwe pali masipoko, kokerani kwa inu mukugwedeza: dzanja ili likoke, linalo litsatire. Sinthani, gwirani pamwamba ndi pansi ngati pali masipoko pamenepo. Mungamenyenso kuseri kwa masipoko ndi zikhatho, pafupi ndi mchombo. Zambiri zimamasuka pamenepa. Mukamva mkombero ukulira, kapena mukaona mng'alu ukutseguka, lekani. Mphindi zisanu zikakwana osasuntha, manja agonja, ndipo palibe manyazi.

Pula

Yang'anani m'kati mwa mchombo, mbali ziwiri za nati. Magalimoto ambiri a ku Japan ndi a ku America ali ndi timabowo tiwiri ta mazinga, toikidwa dala kuti pula igwirepo. Nthawi zambiri timakhala titatsekeka ndi fumbi ndi girisi wouma. Titokoseni ndi waya, thiranimo mafuta, ndipo yesani bawuti ndi zala zokha. A ku Japan ambiri amalandira bawuti ya M8, kutanthauza yonenepa mamilimita 8. Ikakana pambuyo pa kuzungulira kamodzi kapena kawiri, si yake. Musaikakamize ndi sipanala.

Pula yogula ndi kachitsulo kopingasa kokhala ndi bawuti yaikulu pakati. Ngati simuipeza, owotcherera aliyense ku Kawale kapena ku Mchesi angakupangireni. Mutengereni chitsulo chathyathyathya chochindikala mamilimita 10 kapena kuposerapo, chotalika pafupifupi chikhatho. Aboole mabowo awiri molingana ndi mtunda wa timabowo ta pamchombo, ndi lina lalikulu pakati, n'kuwotcherera nati ya M12 kunsi kwa bowo lapakatilo. Mtundawo utengeni pokanikiza kapepala kolimba pamchombo, osati pokumbukira. Chitsulo chopyapyala chimangopindika ngati uta.

Pomanga, mabawuti awiriwo alowe mofanana, lililonse mazinga okwanira kuti lisazuke, pafupifupi sentimita imodzi. Asapitirire kwambiri kutulukira kuseri, chifukwa kumeneko kuli swichi ya indiketa ndi mphete ya hutala, ndipo mudzaziphwanya musakudziwa. Pakati pa bawuti yaikulu ndi nsonga ya shafuti ikanipo kachitsulo kochindikala. Pa shafuti yamphako izi n'zofunika koposa: nsonga ya pula ikalowa m'bowo imalitanula, nati osatulukanso kapena osalowanso.

Tsopano mangani bawuti yapakati, theka la kuzungulira, imani, onani ngati chitsulo chikadali chowongoka. Theka linanso. Ikathina kwambiri, lekani, thiraninso mafuta, pitani mukamwe tiyi. Madala ena amene anandiphunzitsa zimenezi, omwe anakulira m'magalaja a boma nthawi imene ma Land Rover anali paliponse, ankandiletsa ndikafuna kuwonjezera paipi pampini wa sipanala. "Iwe, usiye choncho. Chitsulo chikumva." Ndipo nthawi zambiri tikabwerako chinkangofuna kukhudza pang'ono. Chikamamasuka chimalira kuti phwa, ngati chathyoka. Musadzidzimuke, ndi mpini uja wasiya khasu.

Ngati timabowo palibe

Apa ndi pamene ziwongolero zambiri zimafera. Pula ya zala zitatu, ija yochotsera mapule, imakola kunsi kwa mchombo n'kubenthula pulasitiki, kapena kupinda masipoko. Chabwino ndi chida chochotsera mabering'i, chija cha zidutswa ziwiri zomwe zimakumana mozungulira shafuti. Chimangeni kunsi kwa mchombo mutayala chikopa kapena mphira wa chubu, kuti mphamvu igawike ponseponse, kenako pula ikoke chidacho. Muyenera kuchotsa kaye chikuto cha shafuti, mwinanso kutsitsa swichi ya indiketa, kuti mpata upezeke. Matabwa awiri olimba, osemedwa pakati kuti akumbatire shafuti n'kumangidwa ndi mabawuti, amagwiranso ntchito yomweyo.

Njira imene muione m'magalaja ambiri ndi ya mawondo ndi hamala: wina amakhala pampando n'kukankha chiwongolero ndi mawondo, mnzake n'kumenya pa nati. Sindinganame, imagwira. Koma ili ndi mtengo wake. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, magalimoto ambiri anayamba kubwera ndi shafuti yopangidwa kuti ifupike pangozi, isabaye dalaivala pachifuwa. Zidutswa zake nthawi zambiri zimagwidwa ndi timapini ta pulasitiki. Hamala ikadula timapinito, shafuti imatsikira pansi kapena imayamba kugwedera, ndipo chitetezo chija chatha. Pa magalimoto a shafuti imodzi yolunjika mpaka m'bokosi, monga ma Land Rover a Series, nkhonya iliyonse imakathera pa mabering'i a m'bokosimo, n'kusiya timaenje tomwe mudzatimva pokhota. Ngati mwasowa pogwira ndipo shafuti yanu ndi yolimba yosafupika, ikani chitsulo chofewa cha mkuwa kapena aluminiyamu pa nati yolingana ndi nsonga, ndipo gogodani mwachidule kawiri kapena katatu, chiwongolero chikukokedwa. Ndi kugwedeza dzimbiri chabe. Hamala yophwanyira miyala ikhale kunja.

Moto wa gasi ayi. Pafupi pali mawaya, pulasitiki, ndi mafuta amene mwathira aja. Ngati mukufuna kutenthetsa mchombo kuti ufutukuke pang'ono, chowumitsira tsitsi chikwanira, pula ili chimangire.

Chikamasuka

Chotsani pula, chotsani nati ndi washala wake, onaninso chizindikiro chija, kenako kwezani chiwongolero molunjika ndi manja awiri, mukuyang'ana kunsi. Pakhoza kukhala sipuling'i yozungulira shafuti, kamphete kokhala ndi chala kapena zala ziwiri kozimitsira indiketa, ndi kapini ka hutala kokhala pa kasipuling'i. Magalimoto ena akale alibe timano, ali ndi kachitsulo kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, kolowa mumpata wa pashafuti. Kamakonda kugwa n'kubisala pansi pa mphasa. Jambulani zonse zili m'malo mwake. Bwezerani nati pashafuti kuti iteteze mazinga, ndipo uzani ana kuti asasewere ndi matayala akutsogolo.

Chiwongolerocho chigonekeni pansanza, pamthunzi. Ming'alu yaing'ono imakonzeka: ikuzeni pang'ono ndi tupa kuti ikhale ngati kangalande, dzazanimo guluu wa epoxy wa machubu awiri, akauma palani ndi sandipepa, pentani. Koma chitsulo cha m'kati chikakhala chothyoka, kapena sipoko itasiyana ndi mchombo, guluu asakunamizeni. Funani china.

Kubwezera

Tsukani timano ta pashafuti ndi ta mumchombo ndi mswachi ndi parafini mpaka tiwale. Tiyang'aneni bwino. Tikakhala tophwatalala kapena todyeka, chiwongolero chingadzatsetsereke pashafuti muli pa liwiro, ndipo imeneyo si nkhani yokambirana. Pakani girisi wochepa kwambiri pa timano pokha. Pamalo ofutukuka paja pasiyeni poyera ndi pouma, chifukwa pamagwira ndi kukhakhala kwake. Pamphete ya hutala pukutani, pakani kagirisi kopyapyala.

Ikani kamtengo ka indiketa pakati musanatsitse chiwongolero, apo ayi chala chozimitsira chija chidzathyola swichi. Linganizani mizere yanu, tsitsani ndi manja mpaka chikhale. Ikani washala, watsopano ngati wakale ndi wopindapinda. Nati iyambeni ndi zala. Muyezo womangira umasiyana galimoto ndi galimoto, ndipo uli m'buku lake. Ngati muli ndi sipanala yoyezera, utsatireni. Ngati mulibe, mangani zolimba ndi mpini wamba, mnzanu atagwira chiwongolero, osawonjezera paipi. Kumanga mopyola kumafutukula mchombo, makamaka wa aluminiyamu. Pindani washala, bwezerani za hutala potsatira zithunzi, lumikizani batire.

Mwina mukuganiza kuti poti chiwongolero chinali chopendekeka kale, uno ndi mwayi wochiwongola pochisuntha timano tingapo. Werengani kaye. Zungulizani mpaka kumapeto kumanzere, kenako werengani maulendo mpaka kumapeto kumanja, bwererani theka. Pamenepo ndiye pakati pa bokosi, ndipo mabokosi akale anapangidwa kuti azikhala othina pakatipo, omasuka pang'ono m'mbali. Ngati bokosi lili pakati koma matayala akuloza kwina, vuto lili ku matayirodi, zitsulo zopereka mphamvu ya sitelingi kumatayala akutsogolo, ndipo kumeneko n'kumene kuyenera kukonzedwa. Mukabisa vutolo posuntha chiwongolero, galimoto imayenda molunjika bokosi lili pomasuka, n'kumayendayenda mumsewu ngati yaledzera.

Musanatuluke pageti, lizani hutala chiwongolero chili pakati, kenako chili kumapeto onse awiri. Mverani ngati pali chokhula. Chikokeni, chikankheni, chisagwedere n'komwe. Kenako kayeseni pamsewu wowongoka nthawi yopanda magalimoto ambiri, monga wa ku Mchinji Lamlungu m'mawa. Kumbukirani kuti misewu imapendekera kumbali kuti madzi azitsika, choncho galimoto ikamakokera pang'ono kumanzere musafulumire kuimba mlandu ntchito yanu. Khotani kumanja ndi kumanzere muone ngati indiketa ikuzima yokha mbali zonse. Pakatha sabata mukudumpha mabampu a m'makwalala a ku Area 23 kapena ku Chinsapo, chotsaninso chivindikiro chija muike sokete pa nati. Ya Land Rover ya malume inalola kuzungulira pang'ono ndithu, chiwongolero chitakhazikika pampini wake.